Tinaphika Mpunga wa Gemu Yomwe Kunalibe

Ndisananene kanthu nditchule kaye mboni zanga, chifukwa mbiri yanga kuno ku Liwaladzi ndikuidziwa. Amati Barnaba akakuuza kuti kwacha, tuluka ukaone wekha. Mboni yoyamba ndi a Jafali okonza mafoni pamsika, munthu wa swala zisanu pa tsiku, amene sanganame ngakhale mutawalonjeza chambo chachikulu ngati chitseko. Yachiwiri ndi a Nyirenda, akapitawo a anthu odula nzimbe ku Nkhunga. Yachitatu ndi a Chirwa a ku Dwambazi, malume a mkazi wanga, amenenso ndi ankhoswe athu. Onsewa ali moyo ndipo amamva bwinobwino. Mkazi wanga Esnati ndinamupempha kuti akhale mboni yachinayi, koma anati iye anaona zambiri, akayamba kuchitira umboni ine ndikagona kupolisi.

Inu mwasonkhana muno chifukwa mukufuna kupanga magemu a pafoni, ena mwayamba kale. Ndikuona ena mwabwera ndi makope akuluakulu. Makope amenewo akundiopsa. Ine sanandiitane chifukwa ndinapambana. Andiimika pano monga imakhalira minibasi yophwanyika m'mbali mwa M5, kuti odutsa aziyang'ana n'kuchepetsa liwiro.

Gemu yanga yoyamba inandichotsera mkazi m'nyumba. Nkhani yake ndi imeneyo, zinazi ndi ndiwo chabe.

Ndinali ndi kabenchi pamsika, moyandikana ndi a Jafali, pomwe ndinkabena nyimbo ndi mafilimu m'timamemore ta anthu. Laputopu ndinali nayo, yakale, yotentha kwambiri moti nthawi ya mwera nkhuku ya a Jafali inaikira mazira pafupi ndi fani yake, anapiye anaswa okha make ali koyenda. Anali asanu ndi awiri. Ndikulumbira. Masana kukakhala zii ndinkaonera mavidiyo ophunzitsa kupanga magemu, ndipo patatha miyezi iwiri ndinakwanitsa kuika kabokosi kofiira pasikirini. Ukadina, kankadumpha. Tsiku limenelo ndinafika kunyumba mapewa ali m'mwamba.

“Mayi a Tadala, umphawi watha m'nyumba muno.”

“Za umphawi sindikudziwa,” anatero Esnati ali pamakina ake osokera, “koma sopo ndiye watha.”

Tsono tamverani pomwe ndinaphonya. Kwathu kuno chinthu chachikulu sichiyamba popanda komiti. Ukwati komiti, maliro komiti, kumanga chiliza komiti. Bambo anga anakhala mlembi wa makomiti a kutchalitchi moyo wawo wonse, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti chinthu chopanda wapampando ndi masewera a ana. Choncho Lamulungu lotsatira mapemphero atatha ndinaitanira anthu pansi pa mtengo wa mango, tinasankha komiti ya gemu. Wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma, a zakudya, a mipando, a yunifomu, olandira alendo. Anthu makumi awiri ndi anayi. Mwa onsewo, kupatula a Jafali, wodziwa kuyatsa laputopu ndinali ndekha, ndipo ine sanandipatse udindo uliwonse. Anati mkwati sakhala m'komiti.

Komiti iliyonse imayamba ndi kusankha tsiku. Anasankha Loweruka lina la chaka chotsatira, anthu akatha kukolola mpunga, kuti chakudya chisadzavute. Palibe anandifunsa kuti gemu imatenga nthawi yaitali bwanji. Akanandifunsa ndikanati masabata atatu, choncho mwina anachita bwino.

Kenako anafunsa kuti gemuyo ndi ya chiyani. Ndinati ndi ya msodzi wopalasa bwato. Wapampando, mdala wina amene ng'ona inamulawa mwendo pa Bua ali mnyamata, anakosomola.

“Mwana wanga, madzi opanda ng'ona ndi beseni. Uikemo ng'ona.”

“Chabwino, bambo.”

Amayi a zakudya anati munda wa mpunga usasowe, ndi mbalame zake. Wakabaza anati njinga yamoto, ndi maenje onse a mumsewu monga alili. Akatekisiti anati tchalitchi. Wina anati ngati tchalitchi chilimo ndiye mzikiti nawonso. Wina njovu. Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja, anati amayi ake anamwalira opanda chithunzi, ndiwaikemo akusenza nkhuni. Inu mukanayankha chiyani? Munthu wamkulu wapereka thumba la mpunga, akukuyang'ana m'maso. Kwathu mwana sanena ayi kwa akulu, amati chabwino. Ine ndinanena chabwino Lamulungu lililonse kwa chaka chathunthu, ndipo chabwino mmodzi aliyense anali ntchito ya miyezi itatu.

Zonse ndinkalemba. Pulani inadzaza makope khumi ndi limodzi, ndinawasoka pamodzi ndi ulusi wa ukonde. Tsiku lina ndinakwera nawo kabaza, anandilipiritsa anthu awiri. Funsani a Jafali, ndiwo anatithandiza kukweza.

Ntchito yeniyeni inkayenda chonchi: ndiyamba bwato, ndilisiya. Ndiyamba ng'ona, ituluka ngati nsapato, ndiisiya. Ndiyamba njinga. Ndionera vidiyo yoti pulogalamu yopangira magemu imene ndikugwiritsa ntchito ndi yachikale, ndisintha, zonse ndiyambiranso. Ndinasintha katatu. Mwezi wina laputopu inakomoka n'kupita ndi zonse, chifukwa sindinakoperepo pena paliponse. Lamulungu kukomiti ankati, “Amkwati, lipoti,” ine n'kuimirira, n'kunena kuti zikuyenda. Ankawomba m'manja.

A Jafali okha ndiwo sankawomba.

“Achimwene, walahi, nsalu ya yunifomu ndaiona. Mbuzi ziwiri ndaziona. Gemu sindinaione.”

“Ikubwera.”

“Inshala. Koma inshala nayo imafuna munthu wokhala pansi.”

Amene anaivutikira gemu imeneyi ndi Esnati. Anayenda khomo ndi khomo, Tadala ali kumsana, kuitana anthu. Yunifomu zonse anasoka yekha pamakina ake osalipiritsa munthu. Anandifunsa kamodzi kokha, kutatsala sabata, akusita malaya anga.

“Bambo a Tadala, chinthuchi chilipo?”

Ndinamuyang'ana m'maso, ndinati, “Chilipo.”

Mabodza anga ambiri amaseketsa anthu. Limeneli silinaseketse munthu.

Tsiku linafika. Holo ya tchalitchi inadzaza mpaka m'mawindo. Mpunga wa kilombero unkanunkhira mpaka kumsewu, mbuzi zija zinali m'mapoto, pulojekita yobwereka itaunika khoma. Mu laputopu munali kabokosi kofiira komwe kaja, ndi theka la ng'ona. Pemphero linatha. Zolankhula zisanu ndi zinayi zinatha. Anthu anadya, anasamba m'manja. Woyendetsa mwambo ananditchula dzina, anandipatsa maiki. Ndinatembenukira kwa Esnati, amene anaima pambali panga atatchena yunifomu.

“Tagwirani, ndikatenge waya.”

Ndinatulukira khomo la kumbuyo, ndinadutsa m'munda wa chinangwa, ndinaimitsa minibasi yopita ku Dwangwa. Ndinasiya mkazi, mwana ndi laputopu. Makope ndinanyamula.

Zotsalazo ndinamva kwa a Jafali patapita miyezi. Esnati anadikira. Anayambitsa nyimbo ya kwaya, anthu anapolokozana naye. Anayambitsa yachiwiri. Pa yachitatu ankaimba yekha. Wapampando anapempha a Jafali kuti atsegule okha laputopu, ndipo pakhoma lonse lija panaoneka kabokosi kofiira. A Jafali anadina. Kanadumpha. Anthu anayamba kuseka, kenako anasiya. Mayi uja wa chithunzi anafunsa mokweza kuti amayi ake atuluka nthawi yanji. Esnati anakweza maiki, anati, “Pepani.” Iye, amene sanalakwire munthu. M'mawa mwake anamanga makina ake, anabereka Tadala, anapita kwawo ku Dwambazi.

Ngongole ndinalibe, poti mpunga wawo anadya okha. Ndinkalakalaka ikanakhala ngongole. Ngongole umabweza.

Ku Nkhunga ndinapeza ganyu yodula nzimbe kwa mlimi wina. Ndinkagona m'khitchini ya munthu, makope aja ndiwo pilo. Ndalama ya tsiku inkathera kwa mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa chigayo. Ndinamwa, abale. Udzudzu ukandiluma unkagwa chagada n'kuyamba kuimba nyimbo za maliro. Ndinagulitsa foni, ndinagulitsa nsapato za tsiku lija. Malaya a yunifomu okha ndiwo anasowa wogula. Pamowa ndinkafotokozera anthu za gemu yanga, ndipo inkakulabe. Ndinaonjezamo ndege ndi sitima ya panyanja. Anandipatsa dzina loti a Injiniya, ndipo akafuna kuseka ankandigulira kapu kuti ndifotokozenso.

Mwezi wachinayi ndinakumana ndi munthu wogulitsa usipa wochokera ku Dwambazi. Anandiuza, osadziwa kuti akubaya, kuti Tadala wayamba kulankhula, ndipo a Chirwa akuwaitana kuti ababa. Tsiku limenelo ndinamwa mpaka ndinadzuka masana a tsiku linalo m'ngalande, miyendo m'madzi, ana a sukulu atandizungulira akutsutsana ngati ndafa. Apa palibe chokokomeza. Ndikanakonda chikanakhalapo.

Tsono ndichepetse liwiro, chifukwa tafika pomwe zinthu zinakhota.

Amene simunadulepo nzimbe, zimayenda chonchi. Munda amauotcha kaye kuti masamba apse. M'mawa akapitawo amapimira aliyense ndime yake, mizere yakutiyakuti, kuchokera apa kukafika apo. Umadula tsinde pansi, n'kusadza nsonga, n'kuunjika bwino kuti thirakitala idzanyamule. Ukamaliza ndime, akulemba. Usanamalize, sakulemba.

Tsiku limenelo ndinalowa m'munda mutu ukugunda ngati chigayo. Ndinayamba mzere wanga, ndinaona kuti nzimbe zake zagwerana, ndinasamukira pena pooneka pofewa. Napo ndinatopa napo, ndinalowa mzere wina. Ndinadula ndi mtima wonse, thukuta losakanikirana ndi mwaye likulowa m'maso. Dzuwa litafika pamutu anzanga onse anali atakhala pamthunzi. A Nyirenda anabwera ndi ndodo yawo yopimira. Ndi bambo wamfupi, wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono ndi lilime la kumpoto. Iwo amaitana aliyense kuti ada, monga amachitira kwawo. Anaima, anayang'ana uku, anayang'ana uko.

“Ada, ndime yanu ndi iti?”

“Yonseyi, akapitawo.”

“Yonse yayi. Ine ndinakupimirani mizere inayi, kuchokera pachulu kukafika pangalande.”

Anayenda m'munda muja akuwerenga ndi ndodo. Ndinali nditadula m'mizere isanu ndi inayi, ina ya eni ake.

“Mwadula kuposa munthu aliyense lero,” anatero. “Koma thirakitala ilowera pati? Palibe mzere wotuluka mbali inayo. Ndilembe chiyani?”

Ndinkadikira kuti andithamangitse. M'malo mwake anakhala pachulu paja, anamasula kansalu, anatulutsa chinangwa chophika, anandinyemera. Anandipatsanso madzi. Tinadya. Kenako analoza thumba langa.

“Mtolo umene mumayenda nawowu, ndi Baibulo la mpingo wanji?”

Ndinamasula makope. Ndinafotokoza zonse, bwato, ng'ona, njovu, ndege. Ndinalankhula mpaka mthunzi wa chulu unasuntha. Sanaseke monga ankachitira a pamowa. Ankangogwedeza mutu, akutafuna. Nditamaliza anatulutsa m'thumba kafoni kawo ka mabatani, kofufutika manambala, anakagwira patsogolo panga.

“Ada, tiyerekeze gemu yanu ili umu. Ine ndagwira. Chala changa chichite chiyani?”

“Muyamba mwaona nyanja, akapitawo, kenako kumanzere kuli—”

“Maso yayi. Chala.”

“Pali msodzi amene—”

“Chala, ada. Ichi.” Anachigwedeza, chakuda ndi mwaye, chikhadabo chosweka. “Chidina pati? Ndipo ndidzadziwa bwanji kuti ndamaliza, kuti ndiike foni pansi ndikamwe tiyi?”

Ndinatsegula kope loyamba. Ndinatsegula lachiwiri. Ndinafufuza onse khumi ndi limodzi iwo akudikira, chala chili m'mwamba. Munali mtundu wa yunifomu. Munali maina a ng'ona zisanu ndi imodzi. Munali ndondomeko ya momwe alendo adzakhalire. Chala munalibe.

Ndinalira pamenepo, munthu wamkulu ndevu pepeya, misozi ikulemba mizere pamwaye wa kumaso. A Nyirenda sananditonthoze. Anapinda kansalu kawo, anaimirira, anasasa kumbuyo.

“Mawa ndikupimirani mizere iwiri yokha. Mukamaliza mubwere kwa ine musanapite kuseri kwa chigayo.”

M'mawa mwake ndinagwira mzere umodzi. Pomwe nzimbe zagwerana ndinadula. Pomwe panali nyerere ndinadula. Mtima unkandiuza kuti mzere wa pambali ndi wofewa, ndinaukanira. Dzuwa lisanakwere kwambiri ndinatulukira pangalande. Ndinacheuka. Kumbuyo kwanga kunali njira yoyera yofika pachulu, yoti munthu n'kudutsamo. Ndinali ndi zaka makumi atatu, ndipo ndinaima pamenepo ndikuyesa kukumbukira china chimene ndinachimalizapo chotero. Sindinachipeze.

Musaganize kuti mowa unathawa tsiku lomwelo. Ndinagwanso kawiri. Manja ankanjenjemera moti tiyi ndinkamwa theka, theka ankamwa malaya. A Nyirenda ankandidyetsa kwawo kuti madzulo asandipeze ndekha. Nyengo yodula itatha anandiperekeza pamsewu. Minibasi isanafike anang'amba tsamba limodzi losalembapo kumapeto kwa makope aja, anandipatsa. Makope anatsala nawo.

“Gemu yanu ikwane apa. Ikasefukira, si ndime yanu.”

Nditatsika pa Liwaladzi, munthu woyamba kundiona anali wogulitsa mandasi. Anafuula msika wonse ukumva, “A Barnaba! Waya uja mwaupeza?” Mpaka lero ndiwo moni wanga. Ndikamwalira adzalemba pachiliza.

A Jafali anali atasunga laputopu. Sanandipatse kuti ndipite nayo kunyumba.

“Uzigwirira pabenchi panga pano, maola awiri m'mawa makasitomala asanachuluke. Ukafika uzindiuzira mpweya kumaso. Ndikamva fungo, laputopu ibwerera m'bokosi.”

“Achimwene, ine ndine munthu wamkulu.”

“Ndi zomwe ukuluwo unatichitira tinaziona pakhoma.”

Patsamba lija ndinalemba mizere isanu. Chinangwa chayanikidwa pamphasa. Mbuzi ikubwera. Ukaidina, ithawa. Dzuwa likalowa chinangwa chikadalipo, wapambana. Zonse zitenga mphindi imodzi. Ndinasankha zimenezi chifukwa ndinali nditaonerera Esnati zaka zinayi akulimbana ndi mbuzi za aneba, ine nditakhala pakhonde kuganiza zinthu zazikulu.

Masiku atatu oyamba laputopu sitinaiyatse n'komwe. Tinasewera gemuyo pabenchi, timiyala ndiye chinangwa, zitsekerero za mabotolo ndiye mbuzi, a Jafali akuzikankha ine ndikuzimenya. Pomwepo tinaona kuti mbuzi imodzi imagonetsa tulo, zimafunika ziziwonjezereka ndi kufulumira. Chimenecho ndikanachizindikira patatha mwezi ndikanayambira pa kompyuta. Inu amene muli ndi makope, yambani mwasewera ndi miyala. Gemu ikakanika kukoma pabenchi, sikirini siidzaipulumutsa.

Kenako ndinadzipimira ndime monga a Nyirenda. Lolemba, mbuzi iyende. Lachiwiri, iime ikafika pamphasa. Lachitatu, ithawe ikadinidwa. Ndime ya tsiku isanathe, ya mawa sindinkaigwira, ngakhale indinyengerere bwanji. Zokongoletsa ndinaziika kumapeto, moti kwa masabata atatu mbuzi inali kabokosi kofiira. Kenako a Jafali anaijambula, inatuluka yofanana ndi mlamu wawo wina, koma tinangoisiya. Pofuna kulira kwake ndinatsata mbuzi ya aneba ndi foni yobwereka kwa a Jafali masiku awiri, inakana kulira ngati yauzidwa ndi loya. Mawu amene mumve mu gemumo ndi anga. Madzulo aliwonse ndinkakopera ntchito yonse m'timamemore tiwiri, kamodzi kanga, kena m'thumba mwa a Jafali.

Mayesero aakulu anabwera sabata lachisanu. Wapampando uja anatulukira pabenchi ndi ndodo yake, anayang'ana sikirini nthawi yaitali.

“Ndamva wayambanso. Ng'ona ilimo?”

Chabwino anafika kale pakhosi. A Jafali anandiponda phazi. Ndinatulutsa kakope kakang'ono kamene ndinagulira zimenezi, ndinagwada pang'ono, ndinalemba iwo akuona.

“Muno mulibe, bambo. Muno ndi mbuzi zokha. Koma ndalemba m'buku la magemu a mtsogolo, dzina lanu lili pamwamba.”

Anayang'ana dzina lawo, anandikonza kalembedwe, anapita okhutira. Ndinadziwa tsiku limenelo kuti akulu ambiri safuna ng'ona. Amafuna kuona kuti mawu awo sanagwe pansi. Kakopeko kadzaza tsopano, ndipo palibe amene wabwera kudzafunsa kuti tafika pati.

Tsiku lomaliza gemuyo sindinauze munthu. Pamtima ndinkati masabata asanu ndi limodzi, zinatenga miyezi inayi. Chilichonse chimene mutu wanu ukukuuzani, chulukitsani katatu, kenako musauze komiti.

Itayamba kuseweredwa ndinkaipereka kwa amayi ogulitsa tomato, osawafotokozera kanthu, ine n'kumangoyang'ana chala. Atatu oyamba onse ankadina chinangwa, osati mbuzi. Ndinafuna kuwakalipira, a Jafali anati, “Anthu atatu sangapenge tsiku limodzi, wolakwa ndiwe.” Ndinakonza kuti mbuzi izinyezimira ikamayandikira. Wachinayi anataya makasitomala awiri akuthamangitsa mbuzi, ananditukwana, anati ndimutumizire mufoni mwake.

Gemu inatha. Sinandilemeretse. Anthu amangotumizirana pamsika, ine ndikubenabe nyimbo. Koma inali ndi poyambira ndi pothera, ndipo ndinaiika m'thumba, ndinatenga nkhoswe ya kwathu, tinakwera minibasi ya ku Dwambazi.

A Chirwa anatiyalira mphasa pansi pa mtengo. Ankhoswe analankhulana zawo nthawi yaitali, ine mutu uli pansi. Tadala ananditulukira kuseri kwa nyumba, wamtali kuposa momwe ndinamusiyira. Nditatambasula manja anathamangira kumbuyo kwa a Chirwa, anagwira thalauza lawo. Pomaliza anaitana Esnati. Anachoka pamakina ake pakhonde, anakhala kumapeto kwa mphasa, osandiyang'ana. Ndinamupatsa foni ndi manja awiri.

Anasewera. Mbuzi zinadya chinangwa chonse. Anaseweranso, anapambana. Anaika foni pamphasa.

“Mbuzi sibwera ukuiona,” anatero. “Imadikira utembenuke.”

“Ndikonza.”

“Musakonze, yatha. Ndaona kuti yatha.” Anakweza maso, anandiyang'ana. “Bambo a Tadala, inu mukuganiza kuti ndinachoka chifukwa gemu kunalibe? Anthu amalephera. Mpunga umakanika, ukonde umabwera wopanda kanthu. Ine ndinachoka chifukwa munandipatsa maiki.”

A Chirwa anayang'ana kumbali. Nkhoswe ya kwathu inayamba kuchotsa udzu pathalauza.

“Pepani wanu ndinakunenerani ine,” anapitiriza. “Ndinaimba nyimbo zitatu. Mukanene nokha, pamalo pomwepo, kwa anthu omwewo. Ine sindikakhalako. Ndikangomva.”

Kudula nzimbe mutu ukugunda n'kosavuta poyerekeza ndi Lamulungu limenelo. Mapemphero atatha ndinapempha akatekisiti kuti anthu alowe mu holo. Magetsi kunalibe, choncho ndinalankhula ndi pakamwa pokha. Ndinati gemu ija kunalibe, sinakhalepo. Ndinati Lamulungu lililonse ndikamati zikuyenda ndinkanama. Ndinati Esnati anandifunsa, ndinamunamiza, ndipo ndinamusiya pano kuti asenze manyazi anga. Kenako ndinapita pomwe anakhala mayi uja wa chithunzi, ndinagwada, ndinamuuza kuti amayi ake sindinawajambule ndipo sindingathe. Anatola chitenje chake, anatuluka. Mpaka lero tikakumana panjira amayang'ana kunyanja. Ena anandigwira chanza, ena anangopita kukadya. Palibe anawomba m'manja.

Lolemba kunali zii. Lachiwiri zii. Lachitatu masana ndili pakhomo ndinaona Esnati akubwera kuchokera kumsewu, Tadala ali kumbuyo kwake, chikwama chimodzi m'manja. Makina sanabwere nawo. Mapoto sanabwere nawo.

“Katundu wina?” ndinafunsa.

“Ali kwa amayi. Tiona.”

Analowa m'nyumba, anaika chikwama pansi. Anayang'ana mabeseni atatu amene ndinatchera pabalaza nyengo yonse ya mvula, anakweza maso kudenga komwe dzuwa linkalowera pamabowo a malata.

“Denga ili layamba liti kudontha?”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti ndili ndi pulani, yoti tisinthe malata onse, tikweze khoma, tiwonjezere chipinda. Anaona pakamwa panga pakutseguka. Anawerama, anagwiranso chikwama chija.

Ndinatseka pakamwa, ndinapita kukabwereka makwerero.